Sanda ya Amayi ndi Kamzere Kofiira

Mpaka lero, ndikamva galimoto ikuimba mluzu pokwera chitunda, ndimachita mantha. Amuna okonda magalimoto amati mluzu umenewo ndi tebo, ndipo ena amatsitsa dala galasi kuti aumve bwino. Ine iyayi. Ine ndimagwira chitseko n'kuyamba kupemphera.

Dzina langa ndine Asiyatu. Ndimaphunzitsa sitandade 4 pa sukulu ina ku Phalula, koma kwathu ndi ku Chiuta, kufupi ndi malire a Mozambiki. Amayi anga anatilera ndi malonda a nsomba zouma. Anali munthu wosafuna kupangiridwa zinthu, moti zaka zinayi asanamwalire anadzigulira okha sanda, nsalu yoyera ija ife Asilamu timavekera maliro. Anaipatsira mayi wina wa ku Ntaja amene ankapita ku Maka, kuti akaiviike m'madzi opatulika a chitsime cha Zamuzamu. Itabwerako ankaisamala kuposa ife ana awo. Koma chaka china chiswe chinalowa m'nyumba mwawo n'kudya sutikesi mbali imodzi, ndiye anandiitana.

"Iwe nyumba yako ndi ya simenti. Tenga ukasunge. Tsiku langa likadzafika ndidzapite ndi iyiyi. Usadzandichititse manyazi ndi nsalu ya pa golosale."

"Amayi, mukundiopsezeranji?"

"Sindikukuopseza. Ndikukutuma."

Ndinaseka, n'kukaiika pamwamba pa wadilopu ili m'jumbo. Inakhala pamenepo zaka zitatu.

Foni inalira Lachiwiri lina mu Okutobala, kunja kutangoyera. Anali achimwene anga, a Saidi. Sanapereke n'moni womwe.

"Asiyatu, amayi atisiya. Anadzuka kuti aswali, angogwera pa mkeka pomwepo."

Ndinakhala pansi. Achimwene sanandipatse nthawi yolira.

"Ashehe akuti tiika ikangotha swala ya masana. Kunja kwatenthaku sitingawasunge. Sanda ija ili kwa iwe, ndipo amayi aang'ono akuti sasambitsa thupi usanafike. Nyamuka pompano."

Kwa ife maliro sagona. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale ali m'manda. Amuna anga ali ku Joni. Za minibasi sindinaziganizire n'komwe: kusintha ku Balaka, kusinthanso ku Liwonde, kusinthanso ku Ntaja, paliponse kudikira kuti idzaze. Ndinakulunga jumbo ija m'chitenje n'kuthamangira kwa alamu anga, Che Yusufu, mng'ono wa amuna anga, amene ali ndi pikapu ya dizilo ya mipando kutsogolo ndi kumbuyo.

Galimoto imeneyo ku Phalula aliyense ankaidziwa. Inali yakale ndithu, yofooka pa zitunda, mpaka tsiku limene alamu anapita nayo ku Limbe kwa munthu wina wa laputopu. Akuti munthuyo analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero n'kusintha nzeru za m'kompyuta ya galimoto. Amati kuika chipu. Chibwerere kumeneko pikapu inasanduka ina. Ikamanyamuka inkaimba mluzu, fyooo, akaisiya moto n'kuyetsemula. Ine ndinkawaseka.

"Alamu, galimoto yanuyi ili ndi mphumu? Tipite nayo kuchipatala."

"Alamu, inu mumadziwa choko basi. Imeneyi ndi busiti."

M'mawa umenewo panalibe zoseka. Atangomva uthenga anati, "Inna lillahi," n'kulowa m'nyumba kukatenga makiyi. Tinanyamuka 7 koloko isanakwane.

Nditakhala pa mpando wakutsogolo, sanda ili pa miyendo, maso anga anagwera pa kanthu konga wotchi kamene anamata pa dashibodi. Manambala ake anali ang'onoang'ono, ofufuma ndi dzuwa, osawerengeka. Koma pa kagalasi kake panali kamzere kofiira, kojambulidwa ndi penti wa zikhadabo, koloza m'mwamba tolotolo. Alamu ataona kuti ndikuyang'ana, anakagogoda ndi chala.

"Iyi ndi geji ya busiti, imaonetsa mphamvu ya mpweya umene tebo ikukankhira mu injini. Muvi uwu ukafika pa kamzere kofiiraka, ndimachotsa phazi. Ndi lamulo la a Jafali, amakaniko anga a ku Balaka. Musade nkhawa, alamu. Ikamakwana 11 tikhala tili pamaliro."

Tisanatuluke n'komwe m'Phalula, mnzawo woyendetsa minibasi anatiimika ndi dzanja. Lole ya feteleza inali itagwa chopingasa pa kamlatho kupitirira Senzani, magalimoto atandandana mbali zonse ziwiri. Alamu anaguguda chiwongolero, n'kutembenuza.

"Tidzera ku Utale. Ndi fumbi, koma tikatulukira ku Balaka."

Amene anayendapo msewu umenewo m'chilimwe akudziwa. Pansi pali timabampu tondondozana ngati malata, mano kuchita kugundana. Minda inali mbee, yopsa, anthu akugalauza mizere youma kudikira mvula. Mawindo tikatseka, m'kati mumasanduka uvuni. Tikatsegula, fumbi. Tinasankha fumbi. Posakhalitsa alamu nsidze zinali zofiirira, ine mpango wanga woyera unasanduka wa katondo. Ndinafungatira sanda ija pansi pa chitenje changa kuti isadetsedwe.

Tisanafike pa Utale tinapeza ngolo ya ng'ombe itatitimira mumchenga pa kamtsinje kouma, yodzaza njerwa, itatseka njira yonse. Mwini wake anali bambo wachikulire, akukwapula ng'ombe zimene zinali zitatopa kale. Alamu anatsika kukathandiza kutsitsa njerwa.

Ine ndinatsala m'galimoto ndekha, ndi manja osowa chochita. Ndine munthu amene sindingaone bolodi lakuda osalipukuta. Ndiponso mtima ukamawawa manja amafuna ntchito. Ndinatenga nsonga ya chitenje n'kuyamba kupukuta dashibodi, wailesi, kenako geji ija, chifukwa fumbi linali litaikwirira moti muvi sunkaoneka. Ndikupukuta choncho, kagalasi kake kanazungulira pansi pa chala changa, ngati chivindikiro cha botolo chosamanga bwino. Sindinachiyese kanthu. Ndinkaganiza za amayi.

Alamu anabwera akupukusa manja, naona geji ili mbee.

"Eee, zikomo aphunzitsi. Tsopano ndikuona bwino."

Ku Balaka tinafika cha m'ma 9, mafuta ali pa mzere womaliza. Dizilo anali pa filingi siteshoni imodzi yokha, ndipo mzere wake unakhota mpaka kuseri kwa mashopu. Ndinatsika ndekha kukadandaula kutsogolo kuti tili ndi maliro. Bambo wina wa thilaki anandiyankha mwaulemu ndithu kuti nayenso wanyamula bokosi, ndipo wafika 6 koloko. Ndinasuzumira, linalimodi bokosi. Ndinabwerera kukakhala.

Tinakhala pamenepo maola awiri. Galimoto isuntha pang'ono, izima. Isuntha pang'ono, izima. Ogulitsa madzi ozizira, mandasi, mazira owiritsa, onse anatizungulira mpaka anatopa nafe. Foni ya achimwene inkalowa pafupipafupi.

"Muli pati?"

"Pa Balaka."

"Mudakali pa Balaka pomwe?"

Tili pa mzerepo panabwera mayi wina wojintcha, wa mawu aakulu, amene alamu ankamudziwa. Ankatchedwa Abiti Mussa, wogula nsomba ku Chiuta. Anali ndi matumba asanu ndi atatu a mchere ndi madengu opanda kanthu, akusowa galimoto. Alamu anandiyang'ana ndi diso lopempha. Dizilo anali atakwera mtengo, ndipo ulendowu sanandilipiritse. Ndikanakana bwanji? Mcherewo anaukweza, kumbuyo kwa pikapu n'kutsika pang'ono.

Apa m'pamene anatulukira a Jafali, amakaniko aja, akuchokera ku galaja yawo tsidya la msewu. Anali bambo wamfupi, wa ndevu zoyera, ovolosi yakuda bii ndi oyilo koma kofia yoyera ngati yochapa kumene. Anayamba ayang'ana matumba a mchere, kenako kumwamba kumene dzuwa linali litayamba kale kulusa.

"Yusufu, ulendo wa kuti ndi katundu ameneyu?"

"Ku Chiuta, madala."

"Udzera zitunda za ku Molipa masana ano?"

"Palibe njira ina."

A Jafali anapukusa mutu. Sanandione bwino chifukwa ndinali nditaphimba nkhope ndi mpango. Anayamba kuwalangiza alamu, ndipo zinkaoneka kuti si koyamba.

"Ndinakuuza ndipo ndikubwerezanso. Injini iyi a ku fakitale anaipangira mpweya wofika pa wani pa geji yakoyo, baa imodzi. Imodzi basi. Mnzako wa laputopu uja anaukweza. Zimenezo sindikana, ambiri akuchita. Koma iye anachotsanso mlonda. Kale mpweya ukapyola, kompyuta inkadula yokha mphamvu, galimoto n'kumayenda ngati yodwala mpaka izizire. Pano mlonda ndi phazi lako."

"Ndikudziwa, madala."

"Ukudziwa chiyani? Chipu chimawonjezera mpweya ndi mafuta, koma sichiwonjezera chitsulo. Mapisitoni ndi omwe aja. Mabawuti a hedi, chivindikiro cha injini chija, ndi omwe aja. Paipi ndi zomwe zija. Kamzere ndinakaika pa wani poyinti filii, ndipo pamenepo m'pomalizira, si pokhazikika ayi. M'mawa kukuzizira, wopanda katundu, ungagundepo pang'ono n'kubwerera. Koma dzuwa ili, mpweya ukulowa uli wotentha kale, mchere uli kumbuyo, chitunda chili chachitali. Tsitsa giya, kwera pang'onopang'ono. Ukadutsa kamzere, hedi inyamuka, gasiketi ipsa, madzi alowa m'mapisitoni. Ukatero usandiimbire."

"Sindidutsa."

"Kamzere kaja kalipo? Sikanafufutike?"

"Kalipo, kowala bwinobwino."

"Taima ndione."

Anazungulira kubwera mbali yanga, naweramira pa windo. Mutu wawo unali utalowa kale m'kati pamene jumbo ija inasuzumira pansi pa chitenje, nsalu yoyera ikuonekera. A Jafali anaizindikira nthawi yomweyo. Anabwerera m'mbuyo msangamsanga, dzanja pa chifuwa.

"Pepani, mayi, sindinadziwe. Ndani?"

"Amayi anga."

"Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuna. Allah awakhululukire. Yusufu, bwanji osanena? Ine ndikungolongolola apa."

Nthawi yomweyo mzere unasuntha, a m'mbuyo akuliza mahutala. A Jafali geji ija sanaione. Nthawi zambiri ndimaganiza kuti akanakhala munthu wopanda ulemu, nkhani ino bwenzi palibe.

Tinachoka pa Balaka 11 itadutsa. Msewu wa ku Liwonde ndi wa tala, wopanda zitunda, ndipo alamu anathamanga ndithu. Malambe ankangodutsa. Abiti Mussa, pa mpando wakumbuyo, anayesa kundicheza za mtengo wa mlamba ndi chambo chouma, kenako ataona kuti sindikuyankha anayamba kunena za amayi. Ankawadziwa. Akuti pa doko palibe amene ankawanamiza pa muyezo, ndipo msodzi akawaikira nsomba zowola pansi pa dengu ankamutsatira mpaka kwawo. Ndinaseka misozi ikutsika.

Pa mlatho wa Shire ku Liwonde panali mzere wina wa pa lodibuloko. Sunali wautali, koma kwa ine mphindi iliyonse inali yowawa. Tili pomwepo ndinamva adhana, kuitana kwa swala ya masana, kuchokera ku mzikiti wa m'tauni. Ndinaimbira achimwene ndisanaimbiridwe.

"Chonde achimwene, kawapempheni ashehe. Tili pa Liwonde. Adikire mpaka swala ya alasiri."

Kumbuyo kwawo ndinkamva azimayi akulira. Kenako foni anailanda amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu.

"Asiyatu, mwanawe, tamvera. Tidikira mpaka alasiri, 3 koloko. Koma m'nyumba muno ndi ng'anjo. Tathira mchenga wonyowa pansi, tikukupiza, koma thupi silimva zimenezo. Ikakwana alasiri sindingathenso kuwaletsa amunawa. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Tinali ndi maola awiri ndi theka. Alamu anati akwana, bola pasakhalenso china.

Ukachoka pa Liwonde kulowera ku Ntaja, msewu umayamba bwino, kenako umayamba kukwera. Mapiri anali akuda ndi moto wa lupsa, utsi uli tolo apa ndi apo. Phula linkanyezimira ngati pathiridwa madzi. Pa chitunda choyamba alamu anachita monga anawauzira a Jafali: anatsitsa giya, galimoto n'kumakwera mwaulemu. Kutsogolo kwathu kunali lole ya matabwa ikukwawa, ikutifukizira utsi wakuda. Ndinayang'ana nthawi pa foni. Ndinayang'ananso. Ndiye ndinalankhula mawu amene ndimanong'oneza nawo bondo mpaka lero.

"Alamu, kodi chipu chanu chija ndi chongoimbira mluzu pa Phalula? Pondani moto!"

Anandiyang'ana, nayang'ana geji.

"Muvi ukadali kutali ndi kamzere. Chabwino."

Anaponda. Galimoto inalumpha, msana wanga n'kumatirira ku mpando. Lole ija tinaipitirira ngati yaima. Mluzu uja unayamba, koma sunali umene ndinkaudziwa. Unkakwera, n'kumakwerabe, woonda, wolasa m'makutu.

"Ha! Lero yadzuka bwino galimotoyi," anatero alamu. "Taonani, ndaponda chonchi koma muvi sunafikebe. Masiku onse pano ndimakhala nditachotsa kale phazi."

Ankamwetulira, koma ndinaona kuti akudabwa. Anayang'ananso geji kawiri.

"Baba, galimotoyi ikulira ngati mbuzi yoti aizinga," anatero Abiti Mussa kumbuyo. "Imatero masiku onse?"

"Ndi tebo imeneyo, mayi. Musaope. Tili m'kati mwa lamulo."

Chitunda chachiwiri chinali chachitali, chokhotakhota. Alamu sanachotse phazi, ine sindinawauze kuti achotse. Muvi unkanjenjemera pafupi ndi kamzere, osakagunda. Ndinayamba kumva kafungo kotsekemera, ngati shuga wopserera mu poto. Ndinafuna kunena, koma ndinaopa kuti achepetsa liwiro. Pansi pa mapazi anga panatentha. Kenako alamu anayang'ana geji ina ya kuseri kwa chiwongolero, ya kutentha kwa injini, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Aa-aa. Iyi yakwera nthawi yanji?"

Sanamalize n'komwe. Kutsogolo kunamveka phuu! Galimoto inagwedezeka, n'kutsamwa. Utsi woyera unatuluka m'mbali mwa boneti ndi kumbuyo komwe, wochuluka moti msewu sunkaoneka. Mluzu uja unatsika pang'onopang'ono mpaka zii. Alamu anaikokera m'mbali, nakoka handibuleki. Abiti Mussa anali atatsika kale, akusaka mwala woika ku tayala.

Panali duu. Kunkangomveka nyenje m'tchire ndi madzi akubwata m'kati mwa injini. Lole ya matabwa ija inatipeza, n'kutidutsa pang'onopang'ono, otsatira ake akutiyang'ana.

Alamu anatsegula boneti ndi chisanza. Madzi a dzimbiri anali atamwazikira paliponse. Anadikira pang'ono, nathira madzi a m'chigubu, n'kuyesa kuliza. Injini inangoti gu, n'kuuma. Anayesanso. Gu. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndipo oyiloyo anali ngati tiyi wothira mkaka. Anakhala pansi pa phula lotenthalo, manja kumutu.

"Komatu sindinadutse! Wallahi sindinadutse! Alamu, inu munaona. Muvi sunagunde kamzere ngakhale kamodzi!"

Ndinali ndikadali m'galimoto. Ndinatulutsa magalasi anga owerengera m'chikwama, n'kuweramira pa geji. Ndi magalasi manambala ofufuma aja ankaoneka. Wani poyinti filii inali pamwamba, pakati penipeni, popanda chizindikiro chilichonse. Kamzere kofiira kanali katapendekera mbali ya alamu, pa wani poyinti eyiti. M'mawa kankaloza m'mwamba tolotolo. Ndinakagwira kagalasi ndi chala, ndipo kanazungulira mosavuta, monga kanachitira ku Utale.

Ndinavula magalasi n'kuwabwezera m'chikwama. Alamu sindinawauze.

Nthawi inali itadutsa hafu pasiti wani. Netiweki pamalopo panalibe. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza, kondakitala ali panja theka. Yachiwiri chimodzimodzi. Galimoto yaing'ono ya bwana wina sinachepetse n'komwe liwiro. Ndinaima m'mbali mwa msewu, sanda ili pa chifuwa, ndikukweza dzanja ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Mphindi makumi anayi zinatha choncho.

Amene anandipulumutsa pamenepo ndi Abiti Mussa. Atamva lole ina ikubwera, anamanga chitenje m'chiuno n'kukaima pakati penipeni pa msewu, manja m'mwamba, akukuwa m'Chiyao.

"Ajime, baba! Ajime! Malilo!"

Loleyo inaima, dalaivala akutukwana. Inali yonyamula anthu ndi katundu wa pa msika, yopita ku Ntaja. Abiti Mussa anandikankhira pamwamba ndi manja ake awiri.

"Pitani, mwanangu. Mchere sufa. Ine nditsala ndi alamu anuwa asadzimangirire."

Alamu anandiyang'ana ali chikhalire pansi. "Pepani, alamu. Ndakulakwirani." Lole inanyamuka.

Lole imeneyo inkaima paliponse pamene pali mthunzi ndi munthu. Pa Nsanama tinakhala mphindi makumi awiri akutsitsa matumba a makala ndi njinga ziwiri, mwini njinga akukangana ndi kondakitala za sipoko yothyoka. Ndinakhala pa thumba la chinangwa, mayi wina atanditsamira ndi nkhuku zake. Netiweki itabwera ndinapeza achimwene ayesa kasanu ndi kawiri. Ndinaimba, sanayankhe. Ndinaimbanso, foni yawo inali yozima.

Pa Ntaja ndinatsika 3 koloko itangokwana, adhana ya alasiri ikumveka. Ndinathamangira pa siteji ya njinga zamoto. Bambo woyamba anatchula mtengo woti tsiku lina ndikanamufunsa ngati njingayo akundigulitsa. Tsikulo ndinangokwera.

"Thamangani, bambo. Ndi maliro a amayi anga."

"Gwirani zolimba, mayi."

Anathamangadi, koma msewu wa ku Chiuta ndi mchenga. Kawiri tinatsika n'kukankha. Kamodzi tcheni chinavuka, iye n'kuchibwezera ndi kamtengo, ine nditamuimirira pamutu. Ndinkadziuza kuti mwina ashehe achedwa, mwina manda sanathe kukumba, mwina amayi aang'ono agona pa khomo kuwatsekereza. Mphepo itayamba kununkha nsomba ndi matope ndinadziwa kuti tayandikira.

Tisanalowe m'mudzi tinakumana ndi amuna. Ankabwera m'kanjira ka kumanda, awiriawiri, atatuatatu, makofia kumutu, mapazi ali ndi dothi lofiira. Kumbuyo kwawo anayi ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, mopepuka, ndi dzanja limodzilimodzi. Wa njinga anazimitsa yekha injini.

Achimwene anali pakati pawo. Anandiona, nayang'ana jumbo ili m'manja mwanga, n'kuyang'ana kumbali.

"Tinadikira, Asiyatu. Alasiri itatha tinadikiranso theka la ola. Zinafika poti sizikanatheka."

"Mwawaveka chiyani?"

Anayang'ana amuna anzawo aja.

"Achimwene, ndikufunsa. Mwawaveka chiyani amayi?"

"Tinakagula pa golosale."

Kulira kumene ndinalira pamenepo sindikufuna kukufotokoza. Amayi anandituma chinthu chimodzi chokha moyo wawo wonse, ndipo anandipatsa zaka zitatu zokonzekera.

Alamu galimoto yawo anaikoka patatha masiku awiri. Injini sinadzukenso, anachita kugulitsa pikapuyo kwa ophwasula. Kwa milungu ingapo ankauza aliyense kuti wa laputopu uja ndi wakuba, ndipo a Jafali anaika kamzere polakwika. Zimenezi zinkandidya. Pa sadaka ya masiku makumi anayi ndinawaitanira kuseri kwa nyumba n'kuwauza zonse: za ngolo ya ku Utale, za chitenje, za kagalasi. Anayamba kukumba pansi ndi chala cha kuphazi.

"Kagalasi kaja ndinkadziwa kuti n'kogwedera," anatero. "A Jafali anandiuza kuti ndikamate ndi guluu tsiku lomwe anajambula kamzere. Ndinkangoti mawa."

Anapita okha ku Balaka kukapepesa kwa a Jafali. Ine ndi iwo timapatsana moni bwinobwino, koma za magalimoto sitichezanso.

Koma ndibwerere ku tsiku lija. Anthu atayamba kubalalika, ndinalowa m'nyumba ya amayi. Pansi panali pakadali mchenga wonyowa. Amayi aang'ono anali atakhala pa mkeka, maso otupa. Ndinagwada n'kuwaikira jumbo ija pa miyendo.

"Amayi, nanga iyi nditani nayo? Tiipereke ku mzikiti?"

Anamasula jumbo, natulutsa nsalu. Inali yoyera monga tsiku limene amayi anandipatsa, fumbi la ku Utale silinaikhudze ngakhale pang'ono. Anainunkhiza. Kenako anati, "Taimirira."

Ndinaimirira. Anatambasula chidutswa chachitali, nachigwira pamwamba pa mutu wanga, n'kuchisiya chitsike mpaka ku mapazi. Anayang'ana m'mwamba, nayang'ana pansi.

"Msinkhu wako ndi wa amayi ako ndi umodzi," anatero. Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera. "Kasunge."

Ili pamwamba pa wadilopu, pamalo pake pomwe paja. Amuna anga atabwera ku Joni ndinawaonetsa, n'kuwauza mawu anga, ndipo ndinawauza kuti awabwereze kuti ndimve ngati amva. Kumene ndidzafere, adzandiike komweko, kaya ndi ku Phalula kwa eni ake. Sanda imeneyi isadzakwerenso galimoto.